Ukwere Njinga ya Amalume Ako

Esime mwanangu,

Ndikulemba kalatayi masana ano iwe uli kokalukitsa tsitsi ku Namadzi. Ndikudziwa kuti ubwerako dzuwa litapendeka, khosi litauma, ndipo ukangolowa uyamba kufunafuna chaja, ndiye zokhala pansi n'kukambirana sizitheka. Komanso ine ndi iwe tikayamba nkhani pakamwa umapambana ndiwe, poti sukulu unapita nayo patali. Papepala sungandidule mawu. Kalatayi ndiika pamwamba pa chikwama, osati m'kati, chifukwa ndikufuna uiwerenge usananyamuke.

Zimene amayi ena amauza ana awo ndinena mwachidule. Uzidya. Juzi yakuda ija ndaipinda pansi pa nsapato, usaichotse, akuti mphepo ya ku Cape Town kuzizira kwathu kuno ndi masewera. Za amuna sindinena kanthu, maso uli nawo, ndipo amene ndinakuchenjezapo kale unawathamangitsa wekha ndisanamalize kulankhula. Kutchalitchi uzipita, ngakhale nyimbo zake zikhale zosakoma.

Nkhani yanga ndi ya amalume ako a Sitefano.

Ukupita kukaphunzira mmene mowa, chamba ndi zina zotero zimagwirira ubongo wa munthu, kuti udzaphunzitse ena. Kumsika akandifunsa ndimangoti mwana akukaphunzira za mitu, ndipo ena amaganiza kuti udzakhala wometa. Ine ndimanyadira, usakayike. Koma ntchito imeneyi ndinaiona ikugwiridwa iwe usanaidziwe, ndipo ndinaona imene imachiritsa ndi imene imapweteka. Zonse ziwiri ndinazionera pa munthu mmodzi, mchimwene wanga.

Iwe unali wamng'ono, zambiri sukukumbuka. Achimwene anali munthu wamphamvu, wonyamula thumba la chimanga ngati pilo, koma kachasu anawagwira ali mnyamata. Ife monga banja tinayesa zonse zimene anthu amayesa. Tinawatengera kumapemphero, anagwa bwinobwino ngati anzawo onse, pobwerera anapatukira kwa amayi ophika mowa aja kukawauza mmene zinayendera. Tinawathirira mankhwala osanzitsa m'phala, anasanza, n'kusiya phala. Mowa sanasiye. Tsiku lina tinawatsekera m'nyumba kuti ludzulo lithe lokha. Anayamba kunjenjemera, kuona zinthu pakhoma, kenako anagwa n'kumaphupha. Tinathamangira nawo kuchipatala pa machira, ndipo kumeneko ndi kumene tinauzidwa kuti munthu amene thupi lake linazolowera mowa kwambiri samusiyitsa mwadzidzidzi popanda achipatala, akhoza kufa. Ife sitinkadziwa. Tinkaganiza kuti tikuwathandiza. Uzikumbukira zimenezi ukamadzakumana ndi mabanja ochita zinthu zooneka zopusa: kawirikawiri amakhala anthu achikondi amene palibe anawauzapo.

Nzeru yathu yaikulu inabwera pambuyo pake. Tinakhala pansi, ife a pabanja ndi akuluakulu ena, n'kugwirizana kuti munthu amamwa chifukwa chosowa udindo. Tiwapatse udindo. Udindo umene unalipo woyenera munthu wa mapewa ngati awo unali wotsogolera adzukulu, okumba manda a m'mudzi muno. Aliyense anawomba m'manja. Ndipo kunena zoona ntchito ankaidziwa. Manda okumba a Sitefano ankakhala owongoka ngati ayeza ndi chingwe, ndipo anyamata ankawamvera. Chimene sitinachiganize ndi chimene aliyense amachidziwa, chakuti adzukulu akafika pakati pa dzenje pamabwera kabotolo kotsukira fumbi kukhosi, ndipo woyamba kulawa ndi mtsogoleri.

Ndiye zinkayenda chonchi. Ankatha masabata osamwa, akulima, akugulitsa tomato, nkhope itabwerera. Kukagwa maliro, madzulo ake tinkakawatola m'ngalande. Ife tinkati, "A Sitefano ali ndi mtima wachifundo, maliro amawakhudza." Tinkanena zimenezi ngakhale womwalirayo akhale munthu wobwera naye kuchokera ku Joni, woti achimwene sanamuonepo chibadwire. Zaka zinapita tikuyamikira chifundo chawocho.

Kenako kunabwera mayi Nyirenda. Anali mphunzitsi wa za umoyo, wakumpoto, Chinyanja chake chopindika moti poyamba tinkamvetsera kalankhulidwe m'malo mwa mawu. Anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi chipatala cha ku Mauwa, n'kutulutsa m'katoni ubongo wapulasitiki wotseguka pakati. Amayi ena anati ukufanana ndi matumbo a mbuzi. Gogo wina anafunsa mwaulemu kuti mwini wake anali ndani. Mayiyo anaseka nafe, sanafulumire. Anafunsa kuti, "Ndani pano amamva njala ya chinthu pa nthawi yake yomweyomweyo tsiku lililonse?" Ine ndinakweza dzanja, poti ukudziwa kuti wailesi ikangoliza kanyimbo ka nkhani za masana, ine tiyi ndimamufuna ngakhale ndangomwa kumene. Anati, "Ndiye kuti amayi, ubongo wanu unaphunzira. Unamanga tiyi ndi kanyimboko mtolo umodzi."

Anatifotokozera kuti ubongo ndi mwana wasukulu wakhama koma wosasankha. Chinthu chikaupatsa mpumulo kapena chisangalalo, umasunga chinthucho pamodzi ndi malo ake, fungo lake, anthu amene analipo ndi nthawi yake. Tsiku lina ukangoona malowo, umayamba kuitanitsa chinthucho mwini wake asanaganize n'komwe. Anati zili ngati njira yachidule yodutsa m'munda mwa munthu: ikapondedwa kwambiri, miyendo imalowamo yokha. Ukhoza kuisiya n'kuponda ina, udzu n'kumera pa yakaleyo, koma pansi pake imakhalapobe. Iwe zimenezi ukuzidziwa ndi mayina ake a Chingerezi. Ine ndinazimva tsiku limenelo koyamba, ndipo ndinakhala ngati munthu amene wauzidwa dzina la mnansi amene wakhala naye zaka zambiri.

Atamaliza ndinawatsatira. Ndinkafuna mapiritsi, ndisakunamize. Iwo anati ndibwere nawo mwini wakeyo ngati angafune. Achimwene anavomera, mwina pofuna kuona ubongo wapulasitikiwo. Titalowa m'kachipinda, chinthu choyamba chimene mayi Nyirenda anachita ndi kuwafunsa kuti, "Bambo, mukufuna achemwali anuwa akhalepo, kapena tilankhule awiri?" Achimwene anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Atuluke." Ine amene ndinawachapira mabulangete osanzira, ine amene ndinawanyamula pa machira, ndinatulutsidwa. Ndinakakhala pakhonde nditatupa ngati chule. Atatuluka ndinafunsa mayiwo kuti achimwene akuti chiyani. Anandiyankha mwaulemu kuti, "Zimenezo ndi zawo, amayi. Akafuna akuuzani okha."

Esime, mawu amenewo uwasunge. Pa zonse zimene mayi uja anatiphunzitsa, amenewo ndi amene ndinachedwa kuwamvetsa.

Anandiuzadi okha, patapita nthawi, tikutonola chimanga. Anati, "Chemwali, mayi aja sanandilalikire. Anangondifunsa kuti ludzu limayambira pati. Ndinati kumanda. Anati, pa chiyani penipeni? Ndinaganiza, ndinaganiza. Ndi dothi, chemwali. Tikakumba n'kufika pa dothi lofiira lija, lonyowa, likangonunkhira, kukhosi kwanga kumauma botolo ndisanalione." Anaseka pang'ono. "Inu mumati chifundo."

Kusiya khasu la kumanda sikunali kophweka, ndipo usadzauze munthu kuti "ingopewani malowo" ngati ukumuuza kuti asinthe malaya. Kumene kuja kunali ulemu wawo. Kumene kuja ankalamula. Anzawo anawanyoza poyera. Wina anati, "Sitefano msana wathyoka, mpatseni mpango akakhale ndi azimayi." Wina anati, "Ukadzafa iwe tidzakukumbira kadzenje ka mbatata." Anapirira. Mayi Nyirenda anawafunsa kuti pamaliro pali ntchito ina iti imene angaigwire, kuti asakhale munthu wongothawa. Iwo anasankha njinga. Kukagwa zovuta amakauza okalamba amene alibe foni, amakatenga obwera kumaliro pa siteji, amatuta mabenchi a kutchalitchi. Masiku ena onse amachita kabaza. Anagwaponso, osati kamodzi, ndipo ine ndinkati zonse zapita m'madzi. Mayiwo anati ayi, kugwa sikufafaniza zimene munthu waphunzira, tione chimene chinawagwetsa. Ankadzuka. Tsopano dzinja lapita, lina lapita, linanso, osalawa.

Njinga imeneyo ndi imene inkakunyamula iwe kumayambiriro kwa teremu iliyonse, kuyambira uli ku sekondale mpaka ku koleji, iwe kumbuyo, chikwama pamiyendo. Ndipo ndi panjinga pomwepo pamene anakuuza za dothi lija. Ndikudziwa chifukwa anabwera akusangalala, akuti, "Mwana uja amafunsa ngati mayi Nyirenda. Ndamuuza zonse." Anthu amene anawauza nkhani imeneyo ndi mayi aja, ine, ndi iwe.

Tsopano ndifike pa mwezi watha. Atakuitana kusukulu yako yakale ku Milepa kuti ukalankhule ndi ana za mowa ndi chamba, ine ndinavala chitenje changa chabwino n'kukakhala kumbuyo. Unalankhula bwino, mwanangu. Sunawaopseze ana aja ndi gehena, sunawanamize, unawafotokozera zinthu mmene zilili, ndipo anakhala chete kumvetsera, chinthu chimene ana a fomu thuu sachita. Kenako unati, "Ndili ndi m'bale wanga wina, sinditchula dzina." Ndipo unafotokoza za manda, za dothi lofiira, za kabotolo, za njinga. Esime, kuchokera ku Mauwa kukafika ku Namadzi, ndi anthu angati amene anali akulu a adzukulu, lero akupalasa kabaza, ndipo ali ndi mwana wa mlongo wawo wophunzira za ubongo? Dzina unabisadi. Zina zonse unawapatsa.

Ana anawomba m'manja, aphunzitsi anakugwira chanza, ndipo ndinati mwina zithera pomwepo. Sizinathere pomwepo. Ana ali ndi azichimwene awo pa siteji. Sabata isanathe, anyamata a kabaza anayamba kuwalonjera kuti, "Ankolo, ubongo walemba zotani lero?" Abiti Jafali, amene amagulitsa mandasi pafupi ndi pamene amaimika njinga, anandiuza kuti mnyamata wina anatola chibuma cha dothi lofiira, n'kuchithira madzi, n'kuwayandikizira kumphuno, akuti, "Tanunkhizani, tione ngati sayansi imanena zoona." Anthu anaseka. Achimwene anakwera njinga n'kuchoka opanda kasitomala.

Iwe wakhala ukunena kuti amalume atanganidwa masiku ano, n'chifukwa chake sakubwera kudzadya nafe Lamulungu. Sanatanganidwe.

Chimene chandikhazika pansi kulemba ndi ichi. Sabata yatha kunali maliro kutsidya kwa dambo. Abiti Jafali pobwera kumeneko anawaona achimwene ataimika njinga pamtengo, pa njira yolowera kumanda, akucheza ndi anzawo akale aja. Sanalowe. Koma wina anawauza kuti, "Bwera Sitefano, khasu lako tinakusungira." Ndipo iwo anaima pamenepo nthawi yaitali. Uganize bwino, iwe wodziwa za ubongo. Pa siteji akuwaseka. Kunyumba kuno akuchita manyazi kubwera. Malo okhawo amene atsala, kumene palibe amawaona ngati phunziro, ndi kumene kuli dothi lija. Maliro m'dera lino sachedwa kugwa. Ine sindikufuna kuti ena akadzagwa, adzapeze achimwene alibe kwina kopita.

Sindikukudzudzula kuti unanama. Zonse unanena zinali zoona, ndipo mwina mwana wina m'holo muja zinamuthandiza. Sindikutinso sayansi yakoyo ndi yachabe. Ife tinataya zaka chifukwa chosaidziwa, tinatsala pang'ono kupha munthu ndi loko wa pachitseko. Ukaphunzire mwakhama, ukafunse mafunso mpaka aphunzitsi ako atope nawe, usakachite manyazi ndi kalankhulidwe kako. Koma nkhani ija sinali yako. Anakubwereka, ndipo iwe unakaigawa. Mayi Nyirenda ankadziwa zambiri za achimwene kuposa iwe, ankaphunzitsa pansi pa mitengo yambiri, koma sindinamvepo kuti nkhani ya dothi yatulukira kwina. Funsa kaye mwini wake. Akakana, wakana.

Kumene ukupitako udzaona anthu ambiri otere. Ndamva kuti kuli makina ojambula m'kati mwa mutu munthu ali moyo, ndipo mudzakhala mukuloza pa chithunzi kuti apa pawala, apa pazima. Uzikumbukira kuti mwini chithunzicho akatuluka m'chipindamo ali ndi siteji yake imene akubwerera, ali ndi anyamata ake omuseka, ali ndi mlongo wake wotupa pakhonde. Iwe ukamaliza kuphunzitsa umakwera galimoto n'kumapita. Iye amatsala ndi anthu amene amva. Ndipo m'midzi mwathu muno kuchotsa dzina sikubisa munthu, timadziwana ndi kayendedwe. Funsa kaye.

Dzulo ndinapita kwawo. Ndinawapeza pakhonde akumata chubu, beseni la madzi lili pambali. Ndinati, "Achimwene, mwana akunyamuka Lachisanu."

Anati, "Ndamva."

"Ndikufuna mukamusiye ndinu pa siteji."

Anamiza chubu m'madzi, akuyang'ana thovu. "Ali ndi anzake a njinga zamoto. Zimafulumira."

"Sindikufuna zofulumira."

"Adokotala angakwere njinga ya wodwala wawo?"

Ndinati, "Adokotalawo munkawanyamula akutuluka mamina. Sanasinthe kwambiri."

Sanaseke, koma pakamwa panagwedezeka. Kenako anafunsa, osandiyang'ana, kuti, "Chikwamacho n'chachikulu bwanji?" Ndinawaonetsa ndi manja. Anapukusa mutu, akuti, "Ndiye mabuku a ubongo amenewo. Ndibwera ndi malegeni ena omangira."

Choncho mnyamata wa njinga yamoto amene unapangana naye umuuze kuti zasintha. Ukwere njinga ya amalume ako. Ndikudziwa kuti siketi imene wasita ija ichita makwinya, ndipo tsitsi latsopanolo lilowa fumbi. Minibasi za ku Limbe sizitha, ina ikapita ibwera ina.

Panjira usakawaphunzitse kanthu. Usakayambe ndi kunena kuti cholinga chako chinali chabwino, akudziwa kale, ndipo zimenezo ndi zimene zikuwapweteka kwambiri, poti sangakukwiyire bwinobwino. Ukangonena kuti, "Amalume, nkhani ija inali yanu, ndinaitenga osapempha, pepani." Ukatero utseke pakamwa, ngakhale ndikudziwa kuti kwa iwe imeneyo ndi ntchito. Ubwino wa njinga ndi wakuti iwo sakuona nkhope, iwenso suwaona, ndiye mawu amatuluka mosavuta. Pa chitunda chija utsike, muyende limodzi, uwathandize kukankha. Akakhala chete, usadzaze cheteyo. Akakunyoza pang'ono, landira, ndiye kuti zayamba kupola.

Mukafika pa siteji, anyamata aja adzakhalapo. Usakawakalipire, ungawonjezere nkhani. Ukangotsika, uwagwire amalume ako chanza ndi manja awiri, ugwade pang'ono monga ndinakuphunzitsira, anyamatawo akuona. Aone kuti wophunzira uja, wopita kunja uja, amagwadira munthu amene iwo amamunyamulira dothi. Ndipo uwapemphe, mokweza pang'ono, kuti tsiku lobwerera adzakuchingamire ndi iwowo. Munthu amene ali ndi ulendo woti adzaupalase amasamala miyendo yake.

Ukakafika, usayambe kuimbira ine. Ine ndidikira, ndinazolowera. Uyambe waimbira iwo, ndipo uziwaimbira ngakhale ulibe nkhani, uziwafunsa za matayala ndi za mitengo ya tomato. Lamulungu ndiwaitana kudzadya, ndipo ndikuganiza kuti ukachita mbali yako abwera.

Udzabwereko, mwanangu. Udzabwere ndi ubongo wako wapulasitiki, udzakhale pansi pa mtengo wa mango, udzatifotokozere m'Chinyanja choti gogo wofunsa mwini wake uja amve. Kuno anthu otsekera abale awo m'nyumba akadalipo, ndipo akuchita zimenezo chifukwa chowakonda. Akufunika munthu wowauza. Ndikufuna munthuyo adzakhale iwe, ndipo anthu azidzakuuza zinthu zawo osaopa kuti mawa azimva pa siteji.

Ine sindikuperekeza. Ndikalira pa siteji Abiti Jafali adzafalitsa msika wonse, ndiye ndilirira kuno, kuseri kwa khitchini, pamene ndimalirira nthawi zonse ukamapita. Amalume ako ati afika m'mawa dzuwa lisanatenthe. Sadzalowa m'nyumba, ndikuwadziwa. Adzaima pa mpanda n'kuliza belu.

Belu likalira, utuluke wekha. Usadikire kuti ndikuitane.

Ndine amene ndinakubereka, ndipo sindinadandaulepo,
Amayi ako